Manual kapena automatic: musanagule galimoto, yambani mwaganiza za mseu wa kwanu

Caka ciliconse mwezi wa Ogasiti ukamatha, mseu wopita ku Mkaika umadzaza ndi magalimoto a anthu obwera ku mwambo wa Kulamba kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Alendo amacokera ku Lusaka, ku Migodi, ku Malawi ndi ku Mozambique. Pakati pa mabasi, malole ndi mavaneti pamaoneka timagalimoto tina tonyezimira, tatifupi ngati fulu, tolira mwaukali dalaivala akaponda mafuta. Anyamata athu amatiyang'ana mpaka titabisika m'fumbi.

Nthawi yomweyi ndi imene mlimi wa ku Katete, Sinda ndi Vubwi amakhala ndi kangacepe m'thumba. Thonje lagulitsidwa, soya ndi mpendadzuwa zapita, fodya wapimidwa, ndipo matumba a cimanga ali pa depoti. Ku Vubwi kuli enanso amene amapeza ndalama pa golide. M'mabanja ena, ngakhalenso m'makomiti a mipingo, nkhani ya galimoto imayamba kukambidwa. Mwana afuna ya liwiro, amai afuna yonyamula katundu, atate afuna yosadya mafuta. Kenaka pamabwera funso limene wogulitsa aliyense amafunsa: mufuna manual kapena automatic?

Funso limeneli limaoneka laling'ono, koma likhoza kudya ndalama za zaka zitatu za kumunda. Likhozanso kusiyanitsa pakati pa wodwala amene wafika ku cipatala ndi amene wagona pa mtsinje.

Zimene zinacitika kwathu

Mphwanga wina atakolola bwino soya anapita ku Lusaka ndi ndalama zake zonse, nabwerako ndi galimoto yaifupi ya liwiro, ya automatic. Tinamuyamikira, pakuti inali yokongola ndithu. M'cilimwe conse anali munthu wochuka, ndipo pa maukwati ankamupempha kuti anyamule akwati.

Mvula itagwa mu Januwale, mlongo wake anayamba kumva zowawa za ucembere pakati pa usiku. Batire inali itafooka cifukwa galimoto inakhala masabata awiri osayenda. Anyamata asanu anaikankha kucokera pabwalo mpaka ku dimba, koma siinalire, popeza automatic siilira mokankha. Anakabwereka batire ya sola kwa aphunzitsi. Itlira, anayenda makilomita atatu cabe, mimba ya galimoto n'kukhala pa mtumbira wa pakati pa mseu, matayala a kumbuyo akungozungulira m'matope. Amene anapulumutsa mayi ndi mwana ndi mkulu wina wa mumphakati amene anamanga ng'ombe pa ngolo n'kuwafikitsa pa tala, pomwe anapeza vaneti.

Galimoto ija inalibe mlandu. Anaipangira mseu wina ndi nchito ina. Amene analakwa ndi ife tonse amene tinaombera m'manja osafunsa ngati ingathe kufika pakhomo m'dzinja.

Kumene magalimoto awa acokera

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene tiona m'dziko lathu ndi ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan. Amabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam n'kulowa pa Nakonde, ena amatsikira ku Durban n'kulowa pa Chirundu. Ku Japan kuli lamulo lakuti galimoto iyesedwe ikakwanitsa zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka 2 zilizonse. Kuyesa kumeneku n'kodula, conco anthu ambiri amagulitsa galimoto ikali yooneka bwino n'kugula ina.

Anthu a ku Japan amakhala m'mizinda yodzaza magalimoto, momwe munthu amaima ndi kunyamuka kambirimbiri, ndiye pafupifupi onse amagula automatic. N'cifukwa cake mukafunafuna galimoto yaing'ono ya manual pa misika ya ku Lusaka mumatopa musanaipeze. Si ife tinasankha automatic. Tinangolandira zimene anzathu anasankha malinga ndi miseu yao.

Imodzi mwa magalimoto amene anyamata amalota ndi Toyota Altezza, imene maiko ena amaidziwa kuti Lexus IS. Inapangidwa kuyambira mu 1998 mpaka mu 2005. Ina ili ndi magiya 6 a manual, ina ndi ya automatic, ndipo mtundu umene tiona kawirikawiri umakankhidwa ndi matayala a kumbuyo. Mark X, imene inapangidwa kuyambira mu 2004 mpaka mu 2019, ndi Subaru Impreza nazonso zili ndi ozikonda. Onsewa ndi magalimoto abwino pa tala. Koma kumbukirani kuti Altezza yomaliza inatuluka m'fakitale zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo yadutsa m'manja mwa anyamata angapo amene sanaigule kuti aziyenda nayo pang'onopang'ono.

Mseu ndiwo uyankhe

Mseu wa Great East kucokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami unakonzedwanso m'zaka za pambuyo pa 2013 ndi thandizo la European Union ndi mabanki ena. Palinso mseu wocokera ku Katete kupita ku Chanida, pa malire ndi Mozambique, wa makilomita pafupifupi 55. Munthu amene akhala pa Katete Stores kapena pa Sinda, amene maulendo ake ndi a ku Chipata, ku Petauke ndi ku Lusaka, akhoza kugula galimoto yaifupi n'kukhala nayo bwino.

Koma ambiri a ife sitikhala m'mbali mwa tala. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, mu ulamuliro wa malemu Michael Sata, ndipo midzi yambiri ya kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje ndi kwa Pembamoyo imafikiridwa ndi miseu ya dothi. M'cilimwe muli mabampu ndi mcenga. M'dzinja muli matope, migula yokumbidwa ndi madzi, ndi timitsinje topanda milatho. Ngolo ndi malole a thonje amasiya mizere iwiri yakuya ndi mtumbira pakati. Ku Vubwi onjezanipo mapiri ndi miyala.

Cinthu coyamba kuyang'ana pa galimoto ndi mpata umene ulipo pakati pa mimba yake ndi nthaka. Pa magalimoto a liwiro mpata umenewu kawirikawiri sukwana masentimita 15, pamene pa vaneti ngati Hilux kapena Isuzu umapitirira 20. Kusiyana kwa cikhatho cimodzi kumeneku ndiko kumateteza sampu, mphika wa oilo umene uli pansi pa injini. Mwala ukaboola sampu oilo n'kutayika dalaivala osadziwa, injini imafa m'mphindi zocepa.

Caciwiri ndi matayala. Magalimoto a liwiro amavala matayala opyapyala m'mbali kuti azikhota bwino pa tala. Tayala lotere likagunda dzenje limatupa kapena kung'ambika, nthawi zina limu n'kupindika, ndipo saizi yake siipezeka pa sitolo iliyonse. Cacitatu ndi katundu. Matumba anayi a feteleza ndi makilogalamu 200. Mukaonjezapo anthu anayi, galimoto yaifupi imakhala pansi isanacoke pakhomo.

Kusiyana kwa ziwirizi

Galimoto iliyonse ili ndi magiya cifukwa injini payokha siingathe kunyamuka ndi katundu, kukwera phiri ndi kuthamanga pa cidikha ndi mphamvu imodzimodzi. Amene anachovapo njinga ya magiya adziwa kuti pokwera mtunda umasankha giya yofewa, pa cidikha yolimba.

Pa manual dalaivala ndiye amasankha. Amaponda kilachi ndi mwendo wamanzere kuti alekanitse injini ndi magiya, amasintha giya ndi dzanja, kenaka amabweza mwendo pang'onopang'ono. Kilachi ndi mbale yokhala ndi zikopa zofanana ndi za mabuleki, ndipo imatha ndi kukhuzika.

Pa automatic palibe copondera ca kilachi. Mphamvu ya injini imapita ku magiya kudzera m'mafuta apadera ochedwa ATF, amene amazunguliridwa ndi pampu yoyendetsedwa ndi injini yomweyo. Galimoto imasintha yokha magiya malinga ndi liwiro ndi mmene mwapondera mafuta. Luso limeneli si lacilendo. Kampani ya General Motors ku America inaliika m'magalimoto a Oldsmobile a 1940. Palinso mtundu wina wochedwa CVT, wopezeka m'magalimoto ang'ono ambiri monga Honda Fit ndi Vitz za zaka za pambuyo pa 2005, umene umagwiritsa nchito lamba wacitsulo m'malo mwa magiya a mano. CVT imasunga mafuta, koma siikonda katundu wolemera kapena kukoka ngolo.

Pamene manual iposa

Ubwino woyamba wa manual kumudzi ndi umene mphwanga anauphunzira usiku uja. Batire ikafooka, anthu atatu amakankha, dalaivala amaika giya yaciwiri n'kusiya kilachi, galimoto n'kulira. Izi zimatheka batire ikakhala kuti ikali ndi kamoto pang'ono. Automatic imafuna batire ina ndi mawaya, ndipo pakati pa chire zinthu zimenezi sizipezeka msanga.

Waciwiri ndi kukoka. Manual ikafa mumaicotsa m'giya, thirakita kapena ng'ombe n'kuikoka mpaka kwa makaniko. Automatic ikakokedwa mtunda wautali injini ili yozima, pampu ya mafuta siigwira nchito, zitsulo za m'kati zimazungulira zouma, ndipo mukafika mumapeza kuti vuto la batire labala vuto la giyabokosi. Imafunika kunyamulidwa pa lole, kapena kukweza m'mwamba matayala amene amakankha galimoto.

Wacitatu ndi kukonza. Makaniko ambiri a pa Katete ndi pa Sinda akhoza kutsitsa giyabokosi ya manual m'mawa, kuika kilachi yatsopano, madzulo galimoto n'kuyenda. Giyabokosi ya automatic ili ndi timavalavu tambiri ndi kompyuta, ndipo ikaonongeka kawirikawiri sakonza, amangogula ina yogwirapo kale nchito ku Lusaka. Pa mtengo wake onjezanipo ulendo wa makilomita pafupifupi 500 kupita ndi enanso kubwera, popanda citsimikizo cakuti imene mwagulayo ikhalitsa.

Wacinayi ndi potsetsereka. Amene anadutsapo m'mapiri a Manenekela, kufupi ndi mlatho wa Luangwa, adziwa kuti kudalira mabuleki okha n'koopsa, cifukwa akatentha amaleka kugwira. Dalaivala wa manual amatsitsa giya kuti injini igwire galimoto. M'matope namonso amatha kunyamuka ndi giya yaciwiri kuti matayala asaterereke.

Pamene automatic iposa

Tisaipeputse automatic. Kwa munthu wacikulire amene maondo amamuwawa, kwa amene anavulala mwendo wamanzere, ndi kwa amene wayamba kuyendetsa atakula kale, automatic ndi mpumulo waukulu. Manja onse awiri amakhala pa ciongolero ndipo maso amakhala pa mseu, osati pa magiya. Galimoto siizima pa mphambano ndipo siibwerera kwambiri m'mbuyo ponyamuka pa mtunda. Amene amalowa mu Lusaka kawirikawiri, momwe galimoto imayenda mamita ocepa n'kuima, adziwa mmene mwendo wa pa kilachi umatopera.

Pa mcenga automatic imacitanso bwino, cifukwa mphamvu siiduka posintha giya. Kale zinali zoona kuti automatic imadya mafuta ambiri kuposa manual, ndipo zikali zoona pa magalimoto akale a magiya 4. Pa magalimoto a masiku ano kusiyana kumeneku kunacepa kwambiri. Cimene cimadya mafuta koposa ndi kukula kwa injini ndi kulemera kwa phazi la dalaivala.

Palinso mfundo ina. Dalaivala wosadziwa amatha kilachi m'miyezi yocepa poyenda ataikapo phazi, kapena poimitsa galimoto pa mtunda ndi kilachi m'malo mwa handibuleki. Galimoto ya banja imene ana onse akuphunzirirapo nthawi zina imakhalitsa ikakhala ya automatic.

Ngati mwagula kale automatic, isamaleni motere. Thiranimo mafuta a mtundu umene walembedwa pa ndodo yopimira kapena m'buku la galimoto, osati oilo wa injini, ndipo CVT ili ndi mafuta akeake. Musasinthe kucoka pa D kupita pa R galimoto ikali kuyenda. Potsika phiri ikani pa 2 kapena pa L. Mukatitimira m'matope musapondereze mafuta kwa nthawi yaitali, cifukwa giyabokosi imatentha n'kupsa. Tsikani, kumbani, ikani miyala ndi nthambi. Sungani mawaya a batire m'buti, ndipo ilizeni galimoto sabata iliyonse ngakhale mulibe ulendo.

Tiwerengere m'matumba

Mlimi amamvetsa mtengo wa cinthu akauwerengera m'matumba. Mu 2024 bungwe la FRA linagula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Tiyerekeze kuti galimoto imene mwaikonda akuigulitsa K99,000. Pa mtengo umenewo ndi matumba 300, kapena kuti matani 15 a cimanga. Dzifunseni kuti munda wanu umatenga zaka zingati kuti utulutse matumba 300 otsala, mutacotsapo cakudya ca pakhomo, mbeu, feteleza ndi zofunika za ana a sukulu.

Kugula ndi ciyambi cabe. Caka ciliconse pali msonkho wa pa mseu, inshuwalansi imene lamulo limafuna, ndi kuyesetsa galimoto kwa a RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002. Pali oilo, matayala, batire, mashoko amene miseu yathu imadya msanga, ndi ndalama za pa toll gate. Ngati mukuitanitsa kunja, msonkho wa a ZRA umayenderana ndi msinkhu wa galimoto ndi kukula kwa injini. Mafuta nawo mtengo wake sukhazikika. Boma linacotsa cithandizo pa mtengo wa mafuta mu Disembala 2021, ndipo mu 2022 a ERB anayamba kuunika mtengo mwezi ndi mwezi.

Galimoto imadya ngakhale mvula ikakana. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi ngozi ya dziko lonse. Tonse tikumbukira mmene minda inapsera. Ng'ombe imadya udzu ndipo imabereka, koma galimoto imatsika mtengo tsiku lililonse. Amene agulitsa ng'ombe zolimira kuti agule galimoto yoyendera ku maukwati wadula nthambi imene wakhalapo. Mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 14, muli fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuwerengera. Fanizo limeneli likhudzanso ogula galimoto.

Funso labwino ndi lakuti: kodi galimoto imeneyi idzabweza ndalama? Vaneti kapena Canter imanyamula cimanga ca anzanu kupita ku depoti, feteleza kucokera ku boma, njerwa, mcenga ndi anthu a pa maliro, ndipo eni katundu amalipira. Probox kapena Corolla yokhala ndi malo kumbuyo imanyamula tomato ndi nkhuku kupita pa msika. Galimoto ya liwiro imanyamula mwini wake ndi anzake atatu.

Galimoto ya parishi

Nkhani imeneyi ikhudzanso makomiti a mipingo. Akhristu akasonkha ndalama kapena mbeu kuti agule galimoto ya bambo mfumu kapena ya abusa, mtima umafuna kuti mtsogoleri wathu aoneke bwino pamaso pa anthu. Mtima umenewu ndi wabwino. Koma galimoto ya parishi nchito yake ndi kufika ku machalichi a kutali mu Febuluwale, kukadzoza wodwala usiku, kunyamula simenti, ndi kuthamangitsa mayi wapakati ku St Francis, cipatala cimene cakhala cikutumikira anthu a cigawo cino kuyambira mu 1948, kapena ku Nyanje. Si mwangozi kuti amishoni ndi zipatala akhala akudalira Land Cruiser ndi Hilux kwa zaka zambiri.

Komiti iyambe yalemba machalichi onse ndi mkhalidwe wa mseu wopita ku ciliconse m'dzinja. Idziwe amene adzayendetsa, ngati ali ndi laisensi, ndiponso ngati adziwa manual. Iike padera ndalama za mafuta ndi zokonzera isanagule, cifukwa galimoto yoima pa njerwa kuseri kwa nyumba ya ansembe imabweretsa manong'onong'o mu mpingo. M'galimoto mukhale buku lolembamo ulendo uliwonse, makilomita ndi mafuta. Ngati ndalama sizikwana vaneti yabwino, njinga yamoto yatsopano iposa galimoto yotopa.

Acinyamata amene akuphunzira kuyendetsa ayambire pa manual. Wodziwa manual amazolowera automatic tsiku limodzi, koma wodziwa automatic yokha sangathe kusuntha vaneti, lole kapena thirakita pamene pafunika thandizo. Ku South Africa ndi ku Britain munthu amene wayesedwa pa automatic laisensi yake imamulola automatic yokha. Mukapita kwa a RTSA, funsani bwino za laisensi imene mukutenga.

Za liwiro

Wogula galimoto ya liwiro amafuna kuliona liwirolo. Koma mseu wa Great East umadutsa pakati pa midzi. Muli njinga zonyamula makala ndi nkhumba, njinga zamoto, ana a sukulu, mbuzi, ng'ombe, ndi ngolo zoyenda usiku zopanda nyale. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Mukaona mwana n'kutenga sekondi imodzi kuti mufike pa buleki, mwayenda kale mamita amenewo. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi.

Pamenepa manual ndi automatic sizisiyana. Mowa, tulo, matayala akutha ndi foni ya pakhutu zimapha mofanana m'galimoto iliyonse. Makolo amene athandiza mwana kugula galimoto yamphamvu ayenera kudziwa khalidwe la mwana wao asanatulutse ndalama.

Musanalipire

Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yonyezimira ndi wailesi yolira bwino siziuza munthu za injini. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo muione galimoto masana. Pemphani kuti muilize m'mawa injini ili yozizira, muone ngati itulutsa utsi wabuluu kapena woyera wosatha. Gwadani muyang'ane pansi ngati pakudontha oilo kapena ngati pali poocherera.

Ngati ndi manual, kokani handibuleki, ikani giya yacinayi, ndipo siyani kilachi pang'onopang'ono. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, kilachi yatha. Mverani ngati magiya akulowa popanda kukukuta, makamaka yaciwiri ndi yobwerera m'mbuyo.

Ngati ndi automatic, solololani ndodo yopimira mafuta a giyabokosi ngati ilipo. Mafuta abwino a ATF amakhala ofiirira ndi oyera. Akakhala akuda ndi onunkha ngati ndiwo zopserera, siyani galimotoyo. Mukaika pa D kapena pa R iyenera kugwira mwamsanga popanda kugunda. Iyendetseni kwa theka la ola mpaka itenthe, mukwere nayo mtunda, cifukwa giyabokosi yodwala imabisa matenda ikali yozizira.

Pomaliza onani mapepala. Nambala ya injini ndi ya thupi la galimoto zifanane ndi zimene zalembedwa mu white book, ndipo dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa citupa ca wogulitsa. Ife tili pafupi ndi malire a maiko awiri, conco galimoto yochipa modabwitsa, imene mwini wake akuti mapepala abwera mawa, muiope. Pitani nayo kwa apolisi aione musanapereke ndalama. Lemberanani kalata pamaso pa mboni ndipo sinthani dzina mwamsanga. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene mwangoona zithunzi za galimoto yake pa Facebook. Safunsa anadya phula.

Tsono tisankhe iti?

Ngati nyumba yanu ili kutali ndi tala, mumanyamula katundu, ndipo makaniko amene muli naye pafupi ndi wa pansi pa mtengo wa mango, sankhani galimoto yaitali ya manual, ya mtundu umene masipeya ake apezeka ku Chipata. Ngati mukhala pa boma, maulendo anu ndi a pa tala, kapena thupi silikulolani kuponda kilachi, automatic yosamalidwa bwino idzakutumikirani zaka zambiri. Galimoto ya liwiro ndi ya munthu amene ali kale ndi ina ya nchito, amene nkhokwe yake ndi yodzaza ndipo ana ake salira ndalama za sukulu.

Mphwanga uja anagulitsa galimoto yake caka cotsatira pa mtengo wocepa kuposa umene anagulira. Anaonjezapo ndalama za nsawa n'kugula vaneti yakale ya dizilo, ya manual, yopanda wailesi. Pa maukwati saitanidwanso kunyamula akwati, amanyamula mipando ndi nkhuni. Koma mwezi wa Julaye ukafika alimi a m'mudzi amalembetsa maina kuti awanyamulire cimanga, ndipo mvula ikagwa, amai oyembekezera a m'mphakati mwathu amadziwa khomo loti agogode.